Mpira wa Bambo Ubwere ku Toledo

Toledo, Ohio
8 Malichi 1998

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo bondo lija lasiya kukuvutani m'mawa. Ine kuno ndili bwino, kungoti phewa limandikumbutsa kuti zaka makumi anayi ndi zitatu si msinkhu wonyamula magalasi a galimoto tsiku lonse m'fakitale. Ndaikamo kangachepe mu envelopu. Mugulire mankhwala, musakasiye konse m'mbale ya chopereka monga munachitira ulendo watha.

Ndinasamuka kuchipinda chija cha pamwamba pa shopu. Tsopano ndikukhala kwa mayi wina wamasiye, dzina lawo Mayi Wozniak, okalamba ndithu, afupi, koma pakamwa pawo ndi lumo. Mukanaona pabwalo pawo mukanaseka. Mipira ya bolingi yokhayokha, Amayi, ija yolemera yogubuduza pansi kuti igwetse timitengo toimika, yoposa makumi atatu, yokhazikidwa pa tizitsulo tozika pansi pakati pa maluwa. Amakaitola kumashopu a zinthu zakale, dola imodzi mpira umodzi, ina amangopatsidwa. Amaitsuka, amaipala ndi sandipepa, kenako n'kuimata zibenthu za mbale, za kalilole, ina timakobiri tofiira. Wa makobiriwo akuti umathamangitsa nkhono mu letesi. Chipale chofewa chikanali pansi, koma dzuwa likangoti tulukire, bwalo lonse limaphethira.

Tsiku loyamba anandipeza nditalowetsa zala m'mabowo a mpira wina wosamata.

"Iwe wakumapiri, chotsamo zala zakozo. Mwini wake anafa, sakufuna mnzake."

"Pepani, Mayi, ndimangoyesa."

"Aliyense amangoyesa. Mabowo amenewo anaboolera dzanja la munthu mmodzi. Ngati manja akukuyabwa, sandipepa ndi uyo."

Basi, ntchito yanga ya Lamlungu masana inayambira pomwepo. Ndikamapala ndimakumbukira kachiwaya kanu kachitsulo kaja, kamene munadzalamo maluwa n'kukaika pa sitepe ya khonde. Ntchito yosandutsa zinthu zakale kukhala zokongoletsa pabwalo munaiyamba ndinu, Mayi Wozniak asanaiganize n'komwe. Ndinadandaula chaka chathunthu kuti buledi wa chimanga wa m'kachiwaya kameneko ndiye anali buledi. Inu munkangoti kachita dzimbiri.

Tsopano nkhani yeniyeni. Msuweni wanga Lonnie anadutsa kuno ndi lole yake sabata yatha. Akuti a Dewey Sizemore akutseka holo yawo ya bolingi kwathuko kumapeto kwa Epulo, ndipo zonse agulitsa pa okushoni. Zonse, Amayi. Ndiye kuti ndi kabati ya galasi ija yomwe, ndi mpira wa bambo umene wakhala mmenemo zaka makumi awiri ndi zinayi, pansi pake kachikwangwani koti MPIRA WA WAKUBA.

Ndikukupemphani mupite mukaugule. Usagwe m'manja mwa munthu wina. Dzina la bambo lagona m'kabati imeneyo nthawi yaitali.

Ndine mwana wanu,
Arlis


Toledo
29 Malichi 1998

Okondedwa Amayi,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kuti mukuyendako mpaka kubokosi la makalata popanda ndodo. Ine chimfine chinandigwira masiku atatu, chinapita. Za mkazi wanga Charlene musandifunsenso chonde. Akadzafuna kulemba adzalemba, adiresi akuidziwa.

Mwalemba masamba awiri a mbande za tomato, za denga la nkhuku, za maliro a m'bale wa abusa. Za mpira mwalemba mzere umodzi wokha, woti ndizisiye zigone. Amayi, kwa ine sizinagonepo.

Mwina inu mwaiwala chifukwa tsikulo munatsala kunyumba. Ine ndinalipo, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, nditangoyamba kumene mu mgodi. Linali Loweruka masana, mpikisano womaliza wa boma lathu lonse. Chaka chapitacho mwala unali utawagwera bambo pamfundo ya dzanja lamanja, ndipo anthu onse ankati Hobe Caudill watha, mpira wake sudzakhotanso. Koma tsiku limenelo unakhota. Unkapita ngati ukukagwera m'ngalande ya m'mbali, anthu n'kugwira mpweya, kenako n'kubwerera wokha kukalowa pakati pa mapini, timitengo toimika tija. Khumi onse pansi. Kenako khumi onse pansi. Ndinakuwa mpaka mawu anatha.

Bambo atatha kuponya komaliza, a Dewey anatuluka kuseri kwa kauntala, ananyamula mpirawo osapempha, n'kukauika pa sikelo yawo. Kenako anatenga maikolofoni, yomwe ija ankaitanira munthu amene wasiya nyali za galimoto zikuyaka.

"Hobe Caudill, mpira wakowu uli ndi mimba mbali imodzi. Waudyetsa chiyani?"

Anthu anaseka. Ena amene bambo anawatulutsa m'mgodi pamsana anaseka nawo.

"Sikelo yakoyo ndi yabodza, Dewey."

"Ndiye tiuboole pompano, tione amene ali wabodza."

"Sindivula malaya pamaso pa iwe."

Bambo anavala chipewa chawo n'kutuluka. Anayenda m'chipale mpaka kunyumba atavala nsapato za bolingi, zija zoterera pansi, ine ndikuwatsatira ndi nsapato zawo zenizeni m'manja. Sanacheuke ngakhale kamodzi. Chikho chinapita ku timu ya mphwake wa a Dewey, ndipo zimenezo anthu sazitchula.

Zaka khumi ndi zisanu zimene anakhala ndi moyo pambuyo pake, bambo ankazungulira njira ya kumtsinje kuti asadutse pakhomo pa holoyo. Ana a sukulu ankapita kukadya masoseji Loweruka n'kumawerenga kachikwangwani kaja. Ena anaphunzirira pamenepo kuwerenga dzina lathu.

Ngati bondo silikulolani, sindikukakamizani. Ndatuma Lonnie. Mbande za tomato musazitulutse msanga, chisanu chomaliza sichinadutse.

Wanu,
Arlis


Toledo
3 Meyi 1998

Okondedwa Amayi,

Moni wa mwezi watsopano. Ndamva kwa Lonnie kuti mwanenepako, ndipo munam'dyetsa nyemba mpaka analephera kukwera lole. Ine ndili bwino.

Mpira uli pano. Ndikulemba uli patebulo patsogolo panga, wakuda bii, ndipo pamwamba pa mabowo a zala pali zilembo zogoba zija: HOBE CAUDILL. Fumbi la m'kabati lidakali m'zilembomo. Ndisaname, ndinatseka chitseko n'kulowetsa zala. Zinakwana, Amayi, ngati anayeza ine. Kuyambira tsiku la maliro sindinawagwirepo bambo dzanja mpaka dzulo.

Lonnie akuti pa okushoni palibe amene anaufuna. Atakweza dzanja, a Dewey anamuitana pambali. Akuti atha, akukoka kabotolo ka mpweya pa timatayala, koma pakamwa m'pomwe paja.

"Wakutuma ndani, Lonnie? Iwe sungagwetse pini ngakhale utaikankha ndi lole."

"Arlis, bambo."

"Tenga, sindikufuna ndalama yake. Koma ukamuuze kuti ausunge momwe ulirimu. Asauchite kanthu."

Mwamva? Munthu wasunga dzina la mnzake m'kabati zaka zonsezi, lero akundipatsa malangizo a kasamalidwe. Ndinamufunsa Lonnie chimene anayankha. Akuti anati zikomo. Ndinatsala pang'ono kumuponya pa masitepe.

Mayi Wozniak atauona anautembenuza uku ndi uku.

"Wa labala, wakalekale. Uwu umagwira guluu bwino. Ndi wa ndani?"

Ndinawafotokozera zonse. Anandionetsa mpira wobiriwira umene uli pansi pa zenera la kukhitchini, n'kunena kuti ndi wa malemu amuna awo, a Casimir, ndipo ndi umene anayambira.

"Ndinali mbuli. Ndinamata ndi guluu woyera uja wa ana a sukulu. Chilimwe chonse unali wokongola, anthu ankaimitsa galimoto. Litafika dzinja lozizira la kuno madzi analowa kuseri kwa magalasi, anaundana, n'kukankha. Mu Malichi chipale chitasungunuka ndinapeza magalasi onse ali pansi ngati mamba a nsomba, mpira uli mbulanda, dzina la Casimir likundiyang'ana ndikutsuka mbale. Ndinalira mpaka sopo anauma m'manja. Kuyambira pamenepo ndimagula guluu wa m'chubu, womata mabafa. Uyo ngakhale mdyerekezi samusuntha."

Iwo ankandiuza nkhani yachisoni, Amayi, koma ine ndinamva china. Ndinawapempha abwereze bwinobwino, guluu wanji, mwezi wanji.

Denga la nkhuku Lonnie walonjeza kukonza akadzabwera. Musakwere makwerero nokha.

Mwana wanu,
Arlis


Toledo
14 Juni 1998

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kutentha sikukukusowetsani tulo. Ine ndili moyo. Kufakitale atichotsera Loweruka, ndipo akunong'onezana za mayina a ochotsedwa ntchito amene adzawerengedwe mu Sepitembala. Zimenezo tidzakamba zikadzafika. Envelopu yapepuka mwezi uno, mundikhululukire.

Mwafunsa chimene ndikufuna kuchita ndi mpirawo. Ndikuuzani, chifukwa sindinakubisirenipo kanthu.

Mukudziwa mmene mayi Maxine, akazi a a Dewey, amanyadira maluwa awo apatsogolo pa khonde. Angelo asimenti, atsekwe ovala zipewa, kachitsime kabodza. Chilichonse chonyezimira amachiika pamalo aulemu, moyang'anana ndi mpando wa amuna awo. Mu Okutobala akukwanitsa zaka makumi asanu ali m'banja, ndipo amayi a kutchalitchi akusonkha mphatso. Mkazi wa Lonnie wavomera kupereka yanga pamodzi ndi zinazo, osatchula kumene yachokera.

Ndiumata mpira wa bambo magalasi abuluu ndi zibenthu za kalilole. Udzakhala wokongola kuposa chilichonse chimene mayi Maxine anaonapo. Adzauzika ndi manja awo. A Dewey adzausirira dzinja lonse pazenera. Koma guluu wake ndi uja wa ana a sukulu. Mu Malichi, m'mawa wina, adzatuluka ndi kabotolo kawo ka mpweya kudzaothera dzuwa, ndipo adzapeza magalasi ali pansi, Hobe Caudill ali pabwalo pawo, akuwayang'ana. Zilembozo ndazigoba mozama ndi msomali n'kuzipaka penti yoyera. Zimawerengeka munthu ali kutsidya la msewu.

Iwo anawaika bambo poti aliyense awaone. Inenso ndiwaika poti iwo aziwaona. Si zambiri zimene ndikupempha.

Magalasi ndikutola kufakitale, m'bini ya zotsalira. Woyang'anira anandipeza ndikusankha.

"Caudill, ukumanga tchalitchi?"

"Manda, bwana."

Anaseka n'kundipatsa magolovesi. Madzulo ndikaweruka ndimakhala pakhonde la kuseri n'kumaswa magalasiwo ndi kapulayala, tizidutswa tating'ono ngati chikhadabo. Zala zanga zonse ndi mabala. Koma ndikuuzeni zoona, chibwerere kuno sindinadzukepo m'mawa ndi mtima wopepuka ngati masiku ano.

Chinthu chimodzi choseketsa. Nyumba ya Mayi Wozniak ndi yopendekeka. Ndikauika mpirawo pansi m'khitchini umagubuduka pang'ono, umagwedezeka, kenako umakhazikika mbali yomweyomweyo pansi nthawi zonse. Ndinawauza kuti aitane mmisiri adzaone maziko. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo a maso n'kupitiriza kusenda mbatata.

Mwalemba kuti bambo sakanafuna zimenezi. Bambo anayenda m'chipale ndi nsapato zoterera, Amayi. Ine ndinali kumbuyo kwawo.

Arlis


Toledo
9 Ogasiti 1998

Okondedwa Amayi,

Makalata anu onse awiri afika. Pepani ndachedwa kuyankha. Ndamva kuti shuga wakweranso. Musamadumphe chakudya cham'mawa chifukwa chokwiyira ine. Ine ndili bwino, phewa ndi lomwe lija. Charlene analemba. Sanalembe zimene ndinkayembekezera.

Mwandipempha kawiri kuti ndiuponye mpirawo m'nyanja, kapena ndibwere nawo kunyumba momwe ulili. Sindinakumvenipo mukupempha chinthu kawiri. Ndikudziwa mukuopa miseche ya kutchalitchi. Koma miseche imeneyo tinaidya kale yonse, palibe yatsopano imene angatiphikire.

Ntchito inaima pa vuto limodzi. Mipira yonseyi imakhazikidwa polowetsa kachitsulo kozika pansi m'bowo la chala chachikulu. Mabowo amayang'ana pansi kuti mvula isalowemo. Koma dzina la bambo lili pafupi ndi mabowowo. Ndikaukhazika monga amachitira aliyense, dzinalo lidzayang'ana dothi, ndipo mu Malichi a Dewey adzangoona mpira wakuda wopanda mawu. Ntchito yonse n'kupita pachabe.

Ndiye ndatseka mabowo atatuwo ndi simenti, ndipo ndiboola bowo latsopano kwina, kuti dzina likhale chilili. Malo ake ndasankha kale: mbali ija imene mpirawo umakonda kugonera. Mkazi wa Lonnie adzathandiza kuuzika, ndipo ndidzaika galasi limodzi lofiira pamwamba pa dzina kuti adziwe mbali yoloza kukhonde.

Ine ndi Mayi Wozniak tinakangana.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndikumata mipira, sindinaboolepo ngakhale umodzi. Mabowo atatu sakukukwanira?"

"Mabowo amenewo ali polakwika, Mayi."

"Ali pomwe bambo ako anawafuna. Arlis, mwana wanga, mpira wa munthu wakufa umaumata kunja. Zam'kati ndi zake."

"Mwayamba kuyankhula ngati a Dewey."

"Sindiwadziwa a Dewey akowo. Ndikudziwa khitchini yanga. Casimir anaiyeza yekha pomanga, ndipo ukaika dzira pansi limakhala pomwepo."

Ndinawauza kuti mazira si mipira. Anati choboolera cha amuna awo sandibwereka, ndikafune kwina. Ndabwereka kwa mnzanga wa kuntchito. Ndiboola Loweruka likudzali, popeza Loweruka tsopano ndi langa.

Tomato akachuluka musavutike kuwaphikira m'mabotolo nokha, muitane mkazi wa Lonnie. Ndipo musadandaule. Pofika Pasaka nkhaniyi idzakhala itatha, ndipo tidzapita limodzi kumanda kukawauza bambo.

Mwana wanu,
Arlis


Toledo
16 Ogasiti 1998

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine sindikudwala.

Ndinaboola dzulo masana, pakhonde la kuseri. Poyamba munatuluka fumbi lakuda la labala, lonunkha ngati tayala lopsa. Chitalowa pang'ono, choboolera chinafewa m'manja, ndipo munayamba kutuluka tizinthu topotana, totuwa, tonyezimira. Ndinapitiriza. Ndinkaganiza kuti mwina mipira yakale inkapangidwa chomwecho.

Mayi Wozniak anatola kamodzi, anakapinda ndi chikhadabo, n'kukalembera pa njerwa. Kanasiya mzere wakuda ngati pensulo.

"Mtovu," anatero. Analowa m'nyumba n'kundisiya.

Nditapukuta fumbi ndinaona chimene sandipepa anali ataonetsa kale, ine osafuna kuona: chigamba chozungulira, chachikulu ngati kapu ya botolo, chakuda mosiyana pang'ono ndi mpira wonse. Munthu anaboola pamenepo, anathiramo mtovu, n'kutseka mwaluso. Ndi ntchito yaukhondo. Ndi manja a bambo.

Sikelo ya a Dewey sinali yabodza.

Ndakhala ndikukumbukira zinthu. Bokosi la mbedza la bambo, limene chilimwe cha chaka chimenecho ndinalipeza lopanda mtovu womizira ngakhale umodzi, iwo n'kunena kuti unathera m'madzi. Loweruka lina mu Januwale, pamene munandituma kutauni kukagula misomali imene sitinkaifuna, ndipo pobwera ndinapeza mazenera onse a kukhitchini ali otsegula kunja kuli chipale.

Ndili ndi funso limodzi. Kachiwaya kaja kanalibe dzimbiri. Ndinkakatsuka ndine. Munalekeranji kuphikiramo?

Arlis


Toledo
1 Novembala 1998

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuzizira kwakupezani muli ndi nkhuni zokwanira. Ine ndili bwino. Dzina langa silinawerengedwe mu Sepitembala, ntchito ikadalipo mpaka chaka chamawa. Mundikhululukire kuti ndakhala chete miyezi iwiri ndi theka. Kalata yanu inafika sabata yomweyo. Ndinaiwerenga kamodzi n'kuiika m'thumba la malaya, ndipo yakhala mmenemo mpaka yayamba kung'ambika m'mapindo.

Munalemba mizere itatu. "Dzanja la bambo ako silinkapindikanso, ndipo ankapita kuseri kwa nyumba kukayesa poganiza kuti sindikuwaona. Iwo anagwira mpira, ine ndinagwira chiwaya. Ndinaopa kukuphikira chakudya m'mene munali mtovu, ndipo ndinalephera kukataya."

Ndinakwiya nanu, sindibisa. Ndinakwiya ndi bambo kuposa. Zaka makumi awiri ndi zinayi ndakhala ndikunyamula nsapato zawo kumbuyo, ndikumenyana ndi anthu m'mabala, kamodzi mpaka kuthyoka dzino, chifukwa cha mawu amene anali oona. Masabata atatu mpirawo unakhala pansi pa bedi. Lamlungu lina ndinapita nawo kunyanja monga munanenera. Ndinakhala m'galimoto ola lathunthu n'kubwerera nawo.

Chimene chinandibweza ndi mzere wanu woyamba uja. M'maganizo ndinawaona bambo kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mulu wa malasha, akuyesa kupotoza dzanja limene mgodi unawalanda. Munthu amene sankadziwa kuvina, sankadziwa kuyankhula pagulu, amene chinthu chokongola chimene ankatha chinali chimodzi chokha. Phewa langali landiphunzitsa zimene sindikanamva ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Analakwa. Ndalemba, ndipo sindifafaniza. Analakwa, ndipo ndi bambo anga.

Koma musaganize kuti a Dewey ndawakhululukira. Ndikudana nawo kuposa kale, chifukwa tsopano sindingathe ngakhale kuwatcha abodza. Holo ija inali ndi kaofesi kuseri, kokhala ndi chitseko. Akanawaitanira mmenemo. Anasankha maikolofoni. Akanaubweza mpirawo bambo atamwalira. Anasankha kupukuta galasi la kabati Lolemba lililonse.

Ndiye mphatso ya mayi Maxine inapita, popeza anali atalonjezedwa kale. Mayi Wozniak anandipatsa mpira wina wa dola imodzi, wopanda mwini, wopanda dzina. Ndinaumata bwino kwambiri, ndi guluu wa ana a sukulu. Mkazi wa Lonnie akuti auzika pakati pa angelo awiri, ndipo a Dewey anati sanaonepo chokongola chotero. Mu Malichi udzayoyoka. Sudzanena kanthu, udzangokhala mpira wonyansa pakati pa maluwa. Ndauza Lonnie kuti adzadutsepo ndi kamera.

"Kubwezera kwa nkhuku," anatero Mayi Wozniak. "Miyezi isanu ndi itatu kukonzekera nkhondo, n'kukathera kuipitsa maluwa a nkhalamba."

"Ndi zomwe ndatsala nazo, Mayi."

"Ndiye mata bwino m'mphepetemo, asazindikire msanga." Ndipo anandithandiza kusankha magalasi.

Wa bambo ndinamata ndekha. Mtovu sindinauchotse. Ndinagula guluu wa m'chubu, machubu awiri, ndipo galasi lililonse ndinalikanikiza mpaka chala kuyera. Abuluu ndi a kalilole, monga ndinakonzera. Mipata ndinatseka ndi simenti yoyera. Dzinja lingadutse kangati, dzinalo silidzaonekanso kwa munthu wodutsa mumsewu. Galasi lofiira lija ndinaliikabe pamalo pake.

Ndibwera pa tchuthi cha kumapeto kwa mwezi uno, pa lole ya Lonnie. Musaphe nkhuku, nyemba ndi buledi wa chimanga zikwana, m'chiwaya chilichonse chimene muli nacho. Chimene ndikupempha n'chakuti mulambule pang'ono pafupi ndi sitepe ya khonde, kumanja kwa kachiwaya. Kachitsulo kozikira ndibwera nako. Ziwirizo zinagwira ntchito imodzi, zikhale pamodzi.

Galasi lofiira tidzalilozetsa kukhomo kwathu.

Ndine mwana wanu,
Arlis